Amisitilesi Rozina ndi Mzere wa Tayala

Uthenga wa imfa ya a Rozina Njobvu unandipeza ndili ku chigayo kuno ku Chipata. Mphwawo ndiye anaimba foni, ndipo chifukwa cha phokoso la makina ndinangomva mawu awiri chabe, dzina lawo ndi Katondwe. Zinakwanira. Munthu wa zaka zimenezo akapita naye kuchipatala cha mishoni cha ku Katondwe, achibale nkuyamba kuimbira anthu akutali, sufunsanso zambiri.

Ndinaphunzitsa nawo zaka zisanu ndi chimodzi pa sukulu ina ya m'dera la Mphuka, nthawi imene nkhondo ya tsidya la Zambezi inkatayikira kwathu. Iwo anali ndi Giredi Wanu, ine, Amisitilesi Phiri, Giredi Thuu. Ndinafika ndili mtsikana wongochoka ku koleji, iwo ali kale mayi wamkulu, wamasiye, wopanda mwana. Anthu amene anawerenga timabuku tawo ta ana amaganiza kuti anali munthu wofatsa, womwetulira nthawi zonse. Sanali choncho. Anali wamtali, wouma thupi, wa mawu okhadzula, ndipo kuseka kwawo kunali kosowa. Sindinawaonepo atanyamula mwana wa munthu nkumamusisita. Koma sindinakumanenso ndi munthu womvetsera ana ngati iwo.

Nthawi ya buleki, ife tikumwa tiyi mu ofesi, iwo ankakhala pamwala pafupi ndi pamene ana ankasewera, atawafulatira ngati akuchonga ntchito. Kwenikweni ankalemba zimene anawo ankalankhula, m'kabuku kodulidwa pakati kamene ankakabisa m'chitenje. Ankati mwana amalankhula zenizeni pokhapokha akaganiza kuti wamkulu sakumumva. Ana athu kunyumba ankalankhula Chikunda ndi Chinsenga, ndipo mabuku amene tinkawapatsa anali odzaza ndi sitima za pamtunda ndi matauni amene sanawaonepo. Zimenezi zinkawapsetsa mtima a Rozina. Ankati mwana akasowa bwato ndi nsomba m'buku, amaphunziramo chinthu chimodzi chokha, kuti kuwerenga nkwa anthu ena.

Akalemba tsamba limodzi la nkhani ya ana, ankaliwerengera kalasi yawo Lachisanu. Sankayang'ana nkhope za ana, ankayang'ana miyendo. Miyendo ikayamba kugwedezeka kapena kukandana, ankadula mzere umenewo pomwepo ndi pensulo. Nkhani ina anailemba kakhumi ndi kamodzi. Nditawafunsa chifukwa chake sakuimaliza, anandiyankha kuti mwana wina, Mateyu, wapempha kupita kuchimbudzi kawiri pamalo amodzimodzi a nkhaniyo, ndiye kuti pamenepo pali chovuta.

Kabuku kaja kanatsala pang'ono kutiphetsa. Masiku amenewo munthu wolemba-lemba ankakayikiridwa. M'tchire munali omenyera ufulu, mumsewu munali masoja athu, ndipo aliyense ankadziwa kuti adani a tsidya lija ali ndi anthu awo owauza zinthu pakati pathu. Ahedi athu, a Lungu, anali bambo wamantha koma wabwino mtima, ndipo anawachonderera kangapo.

"Amisitilesi, kabuku ako kasiyeni kunyumba. Mudzatibweretsera mavuto tonse pano."

"Ndikasiya kunyumba, ana adzapita kukalankhulira kunyumba kwangako?"

"Anthu akunena kuti mumalemba maina."

"Ndimalemba. Dzina la mwana ndi zimene wanena. Amene akufuna adzawerenge."

Anadzawerengadi. Tsiku lina pochokera ku Boma, masoja anawatsitsa pa lodibuloko nawapeza nako. Msoja wina anatsegula napeza mawu akuti mbuzi ya a Tembo yagona kuseri kwa tchalitchi ndi ana ake atatu, ndi ena akuti ndeke zimabwera tambala akamaliza kulira. Anawafunsa kuti mbuziyo ndani, ana atatuwo ndani, ndipo za ndekezo anawauza ndani. Iwo anayankha kuti mbuzi ndi mbuzi, ndipo za ndeke ananena ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anawaimika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, mfuti ili pafupi, kwinaku atumiza uthenga woitana a Lungu kuti akawachitire umboni. A Lungu atabwerako anatha mwezi osawapatsa moni. A Rozina sanadandaule za dzuwa kapena za mfuti. Chimene chinawawawa ndi masamba anayi amene msoja uja anang'amba.

Mkangano wawo wautali kuposa yonse unali ndi bambo wina wa kampani yosindikiza mabuku ku Lusaka, nkhondo itatha kale. Anamutumizira buku lawo loyamba, lonena za ana a sukulu oyenda mumsewu wa mabomba. Bamboyo anayankha kuti chilankhulo nchokoma, koma ana sayenera kuwerenga za nkhondo. Anapempha kuti anawo asanduke tinyama, bomba lisanduke msampha, ndipo bambo woduka mwendo wa m'nkhaniyo abwerere kwawo ali bwinobwino. A Rozina anakwera basi okha kupita ku Lusaka. Anandiuza kuti anamufunsa bamboyo ngati anaonapo mwendo woduka ukumeranso. Anatenga mapepala awo nabwerera, ndipo mapepalawo anakhala m'sutikesi zaka zambiri.

Ambiri ankati nkuuma mutu chabe. Ine sindinanene choncho, chifukwa tsiku limene nkhaniyo inabadwa ndinalipo.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Tinali titangolowa m'kalasi pambuyo pa buleki pamene tinamva kuphulika. Malata anagwedezeka, fumbi linagwa kuchokera kudenga, ana ena anagwa pansi monga tinawaphunzitsira, ena anangoti kakasi. Lole yonyamula nsomba zouma ndi amalonda, imene inadutsa pasukulu mphindi zochepa zapitazo, inali itaponda bomba lokwirira pansi. Anthu a kumtsinje ankalitcha chimbambaila, mawu ochokera tsidya lija otanthauza mbatata, chifukwa limakwiriridwa ngati mbatatayo.

A Lungu anali ku msonkhano ku Boma. Patapita nthawi, motoka ya masoja inaima pakhomo la sukulu, kumbuyo kwake kuli anthu ogona ofunditsidwa masaka. Sajeni wawo sanatsike nkomwe. Anatiuza kuti titseke sukulu ana apite kwawo tsopano lino, chifukwa pamene paphulika bomba nthawi zina ndeke zimatsatira, ndipo nyumba za malata ndizo zimaonekera kutali. Ana ambiri ankakhala kuseri kwa sukulu ndipo anadzera m'minda. Koma khumi ndi asanu ndi anayi, a Giredi Wanu ndi Thuu, ankachokera kumudzi wa m'mbali mwa mtsinje, kupitirira pamene lole inaphulikira. Njira inali msewu womwewo.

"Tiwasunge pano mpaka mutasesa msewu," ndinatero.

"Mukawasunga, amayi awo abwera akuthamanga kudzawafuna, ndipo adzaponda paliponse," anayankha sajeni. "Ine ndilibe munthu wokupatsani, ndili ndi ovulala. Motoka yathu yangodutsa kumene. Yendani m'mene mwadutsa tayala. Osatuluka ngakhale pang'ono."

Mzere wa tayala m'fumbi unali wopapatiza, ngati zikhato ziwiri za munthu wamkulu.

A Rozina anavula nsapato kuti mapazi awo azioneka bwino m'fumbi. Analamula ana kusiya mabuku ndi timabotolo tawo m'kalasi, nawandandalika, aang'ono kwambiri kutsogolo, ine kumapeto. Anawaletsa kugwirana, kuti wina akagwa asakoke mnzake. Kenaka anawauza mosabisa.

"Mumsewu muli chimbambaila. Chimodzi chaphulika, mwina mulinso china. Amene aponde kunja kwa mzere uwu akhoza kufa. Amene aponde pamene ndaponda ine afika kwa amake."

Ndinawanong'oneza kuti akuwaopseza ana. Anandiyankha mosatembenuka kuti mwana wonamizidwa akaona chiwala amachithamangira.

Tinalowa mumsewu. Dzuwa linali pamutu, mchenga ukuwotcha. Ndinkangomva kupuma kwa ana ndi kamwana kena kakusisima. Titayenda pang'ono mzere unayamba kusokonekera, akutsogolo akufulumira, apakati akutsalira, ena akucheuka. Pamenepo a Rozina anakweza mawu aja okhadzula nayamba nkhani imene palibe anaimvapo, ngakhale iwo eni.

Anati kunali mtsikana dzina lake Sabina amene anatola dzira la ng'ona poganiza kuti ndi la bakha. Atazindikira, anayenera kulibweza kwa make, kudutsa pa kamchenga kopapatiza pakati pa madzi, ng'ona zikumuyang'ana uku ndi uku. Anawauza ana kuti iwo akati "Sabina anaponda," onse ayankhe "pomwepo," ndipo aponde kamodzi. Anayamba. Sabina anaponda. Pomwepo. Sabina anaponda. Pomwepo. Pakati pake ankaikamo zina, mphepo imene inafuna kumugwetsa, nsomba imene inamuseka. Mzere unawongoka. Ngakhale ine ndinapezeka ndikuyankha nawo.

Fungo ndilo linayamba kutipeza, la dizilo, la tayala lopsa ndi la nsomba. Kenaka tinaiona lole itagona chammbali, kutsogolo kwake kulibe. Nsomba zouma zinali mbwee msewu wonse mpaka m'mitengo. Panali dzenje, nsapato imodzi, ndi madontho akuda pamchenga amene ntchentche zinali zitawapeza kale. Mzere wa tayala la masoja unakhota kulambalala dzenjelo. A Rozina sanaleke nkhani, anangoikweza.

Mwadzidzidzi mzere unaima pakati. Anali Tereza, mwana wa m'kalasi yanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Atate ake, a Mumba, anali wamalonda a nsomba, ndipo m'mawa umenewo anakwera lole imeneyo. Mtolo wawo, womangidwa ndi chitenje chobiriwira cha amake Tereza, unali pansi mapazi atatu kunja kwa mzere. Ndinaona mwanayo akutembenuka, akunyamula phazi.

Pakati pa iye ndi ine panali ana asanu ndi awiri. Sindikanatha kuwadutsa. Ndinakuwa chimene chinabwera m'kamwa.

"Tereza, atate ako ali bwino! Ali kunyumba, akukudikira!"

"Bodza," anatero mwanayo osandiyang'ana. Phazi linali m'mwamba, kunja kwa mzere.

A Rozina anaima. Mapazi awo sanasunthe, anangopotoza khosi.

"Tereza, yang'ana ine."

"Ni mtolo wa atata."

"Ndauona. Ndi wawo."

"Afa?"

"Sindidziwa. Amisitilesi Phiri nawonso sadziwa, alankhula chifukwa cha mantha. Masoja atenga anthu kupita nawo ku Katondwe. Tikafika kwanu, ine ndi amako tipita tikaone. Koma iwe ukatsika apo, amako adzakhala ndi anthu awiri owalirira. Bweza phazi."

Mwanayo sanalibweze. Ankapendekeka ataima ndi mwendo umodzi, ndipo ndinaona kuti ngakhale atafuna kumvera, angathe kugwa. Ana ena anayamba kulira. Kamnyamata ka kumbuyo kwake kanatambasula dzanja kuti kamugwire.

"Musamukhudze," anatero a Rozina. Kenaka anatsitsa mawu, ngati ali m'kalasi tsiku wamba. "Tereza, ndathedwa nzeru. Sabina ali pakati pa mchenga ndipo dzira layamba kulira m'kati. Ine sindinakulire kumtsinje. Iwe ndiwe wa kumtsinje. Achite nalo chiyani?"

Tereza anayang'ananso mtolo uja. Ndinkamva ntchentche zokha.

"Aliike m'malaya," anatero Tereza motsitsa.

"Chifukwa?"

"Kuti lisapse na dzuwa."

"Wanena zoona. Analiika m'malaya. Sabina anaponda."

Anayankha ana awiri kapena atatu. A Rozina anabwereza. Kachiwiriko anayankha onse, ndipo phazi la Tereza linatsikira mu mzere.

Tisanafike pa njira yopatukira kumudzi tinaona amayi akubwera akuthamanga, ena ndi makanda kumbuyo, atadzaza msewu wonse. A Rozina anawakuwira kuti aime pomwe alipo, ndi mawu amene sindinawamvenso kwa munthu wamkazi. Anaima ngati awombedwa mbama. Anawauza kuti asasunthe mpaka tiwapeze, ndipo tinamaliza mtunda wotsalawo ndi Sabina yemweyo, amayi akutiyang'ana manja ali kukamwa.

Titafika pa njira ya kumudzi, imene mbuzi ndi anthu anali atapondaponda kuyambira m'mawa, a Rozina anawerenga ana kawiri, nakhala pansi, nasanza. Mapazi awo anali matuza okhaokha. Anapempha madzi ndi nsanza, anamanga mapaziwo, ndipo masana omwewo ananyamuka ndi amake Tereza kupita ku Katondwe monga analonjezera. A Mumba anawapeza ali moyo. Mwendo wakumanzere unadulidwa pamwamba pa bondo.

Sukulu itatsegulidwanso ndinkayembekezera kuti tikumbatirana, kapena tilira limodzi. M'malo mwake anandiitanira kuseri kwa kalasi nandiuza kuti ndisadzanamizenso mwana pamaso pawo. Anati Tereza akanandikhulupirira tsiku lija, nkupeza atate ake kulibe kunyumba, sakanadzakhulupiriranso mphunzitsi aliyense. Ndinawayankha kuti ndinkafuna kupulumutsa mwana. Anati akudziwa, nchifukwa chake akundiuzira kuseri. Ndinakwiya sabata yathunthu.

Nkhaniyo anayamba kuilemba mwezi womwewo, ya msewu ndi ya Sabina pamodzi. Ataiwerengera ana, Tereza anakafotokoza kunyumba, ndipo m'mawa wina tinaona a Mumba akubwera ndi ndodo zawo, thukuta lili kamukamu, atayenda mtunda wonsewo. Anaima pakhomo la Giredi Wanu.

"Amisitilesi, ndamva kuti mwendo wanga mwausandutsa nyimbo ya ana."

Ndinaganiza kuti kuyaka moto, chifukwa a Rozina sankagonjera munthu. Koma anatulutsa mpando wawo, nawakhazika pamthunzi, iwo nakhala pansi. Anapepesa kuti sanayambe apempha. Anati awawerengera yonse, ndipo akaikana aing'amba pamaso pawo. Anawerenga. A Mumba anamvetsera atazolika mpaka kumapeto.

"Mwathera pa chipatala," anatero.

"Ndi pamene ndinathera kuona."

"Ndiye ana azindidziwa ngati munthu wogona pabedi? Bwerani kumtsinje mudzaone. Ndimasoka maukonde. Bwato ndimapalasa ndekha, m'bwato mwendo sufunika. Mukalemba zimenezo, lembani. Mukapanda kulemba, ng'ambani."

Loweruka lotsatira a Rozina anapita kumtsinje nakhala tsiku lonse akuwaonerera. Anasintha dzina lawo m'nkhanimo, nawonjezera mutu womaliza wa bambo wa mwendo umodzi akuphunzitsa mwana wake wamkazi kupalasa. Mutu umenewo ndi umene bambo wa ku Lusaka anafuna kuuchotsa kuti aikemo munthu wochira. A Rozina anandiuza kuti sakanatha kuvomera, chifukwa mutuwo sunali wawo.

Bukulo linatuluka patapita nthawi yaitali, kwa osindikiza ena ang'onoang'ono, iwo atapuma kale ntchito. Linali lopyapyala, losakwana masamba makumi atatu. Pambuyo pake anatulutsa ena asanu, a njovu zolowa m'munda wa mapira, a mwana woopa kuwoloka, a mtsikana wachibwibwi. Sanatchuke kwenikweni. Ulendo womaliza umene ndinawaona, maso anali atachita khungu ndipo mphwawo ndiye ankawalembera. Ndinawauza kuti adzukulu anga amakonda mabuku awo. Anandifunsa kuti ndi pati pamene amatopa napo. Nditati palibe, anati ndiye kuti sindinawayang'anitsitse.

Maliro ndinawaphonya ndi tsiku limodzi chifukwa cha mayendedwe. Mphwawo anandiperekeza ku nyumba imene a Rozina anamanga atapuma ntchito, kufupi ndi Katondwe, ya zipinda ziwiri, ya njerwa zootcha. Chitseko chinali chokhoma ndi loko watsopano. Pabwalo panali phulusa la moto wa pamaliro ndi zitsa zimene anthu anakhalira, ndipo nkhuku za aneba zinkapalasa pamenepo. Masau anali atagwa pansi pa mtengo osatoledwa.

Kumbali yoyang'ana njira ya kusukulu kuli windo limodzi lachilendo, lotsika kwambiri, lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mphwawo anati a Rozina anakangana ndi mmisiri masiku awiri kuti aliike pamenepo, chifukwa tebulo lawo linali m'kati mwake ndipo ankafuna kuti ana obwera kusukulu azitha kuyedzamira nkumalankhula nawo. Tsopano latsekedwa ndi katoni. M'munsi mwake khoma ladetsedwa, mzere wakuda wonyezimira wa zigongono ndi timanja ta zaka zambiri. Ndili chiimire, ana atatu a yunifomu anapatuka panjira, nafika chapafupi, nayang'ana katoniyo, nabwerera kunjira.

Mphwawo akuti nyumbayo alowamo anthu ena mwezi wamawa, ndipo khomalo alipaka laimu.